Maphunziro a bizinesi amathandiza, bola akhudze chiponde chanucho

Mayi, mwanena kuti mumapanga chiponde ku Mchinji, mumagulitsa pa boma ndi m'magolosale angapo ku Lilongwe, ndipo mukufunsa ngati maphunziro a bizinesi amene akumalengezedwawa angakufikitseni pogulitsa kunja, kapena n'kungokalandira satifiketi ndi alawansi basi. Ena pamwambapa ayankha kuti zonsezo n'zachabe. Ine ndikukana. Alipo maphunziro amene amasinthadi geni ya munthu, koma pamafunika kusankha, ndipo kwa inu muyeso wake ndi umodzi: kodi mukabwerako, chiponde cha m'botolomo chisintha?

Ndikutero chifukwa mdani wamkulu wa mtedza wathu pamsika wakunja ndi chuku, chija akatswiri amati aflatoxin. M'zaka za m'ma 1970 ndi 1980 mtedza wa Chalimbana unkapita wambiri ku Ulaya, koma msikawo udatitayika, ndipo chimodzi mwa zifukwa zake chidali chukuchi. Mayiko a European Union salola mtedza wodyedwa mwachindunji wokhala ndi chuku choposa 4 ppb, kutanthauza magawo 4 okha pa biliyoni. Maso sangachione, lilime silingachimve, ndipo kukazinga sikuchichotsa. Nanga chimalowa bwanji? Pitani pakhomo pamene akusenda mtedza mu Julaye, mudzapeza beseni la madzi pambali, akuwaza kuti makoko afewe, zala zisapweteke. Ena amawaza dala kuti thumba lilemere pa sikelo. Mtedza womwewo ukathiridwa m'thumba usanaumenso n'kuikidwa pansi pa simenti, chuku chayamba kale. Ndiye inu mukagula kwa mavenda osafunsa, mwagaya vutolo n'kulitsekera m'botolo lokhala ndi dzina lanu.

Maphunziro amene mukufunika choyamba ndi ophunzitsa kuumitsa mtedza wosasenda, kusankha wofota ndi wosweka, kusanja matumba pa thandala, ukhondo wa pogayira, ndi kulemba kuti mtedza uwu ndagula kwa uje tsiku lakuti. Kwanu komweko zimenezi zidachitikapo. M'zaka za m'ma 2000 alimi a ku Mchinji a pansi pa NASFAM adalandira chiphaso cha Fairtrade, chija chotsimikizira ogula kuti alimi akulipidwa mwachilungamo, mtedza wawo n'kuyamba kupezeka m'masitolo a ku Britain. Adafika pamenepo pophunzira kasamalidwe ka mbewu komanso kuyezetsa, ndiponso chifukwa chogulitsa pamodzi ngati gulu. Wogula wakunja safuna makatoni khumi, amafuna katundu wochuluka, wofanana, wobwera pa nthawi yake mwezi ndi mwezi.

Choncho musanalembetse kulikonse, funsani ophunzitsawo ngati adzakuthandizeni kufika ku Malawi Bureau of Standards (MBS) kuti katundu wanu ayezedwe ndi kulandira chizindikiro chawo. Popanda chimenecho ngakhale masitolo akuluakulu a konkuno sakulandirani. Funsaninso ngati adzabwera kudzaona pamene mumagwirira ntchito maphunziro akatha. Akangoti zonse zithera mu holo, ganizirani kawiri.

Chachiwiri ndi mawerengero. Ambiri aife timaika mtengo poyang'ana wa mnzathu, osawerengera botolo, lebulo, magetsi a kuchigayo, thiransipoti, mtedza wotayidwa posankha, ndi thukuta lathu lomwe. Pamenepa maphunziro a ILO, bungwe la United Nations loona za ntchito, otchedwa Start and Improve Your Business ndi abwino, komanso aja a ku Mponela amene ambiri timawadziwa ndi dzina loti SMEDI. Koma kudziwa kulemba m'kabuku pakokha sikokwanira. Ku Lomé, m'dziko la Togo, a World Bank ndi anzawo adayerekeza mitundu iwiri ya maphunziro pa abizinesi ang'onoang'ono pafupifupi 1,500, zotsatira zake n'kutuluka mu 2017. Amene adaphunzitsidwa kudziyambira zinthu okha, kufufuza chimene kasitomala akusowa ndi kusagwa ulesi zikavuta, phindu lawo lidakwera ndi 30 peresenti. Amene adaphunzira za mabuku ndi kutsatsa malonda mwa nthawi zonse sadasinthe kwenikweni. Ine ndimakhulupirira zimenezi, chifukwa amene ndawaona akupita patsogolo ndi aja amanyamula botolo n'kukagogoda okha pa ofesi ya wogula.

Za mpamba, yesani Tony Elumelu Foundation. Idayamba pologalamuyi mu 2015, ndi ya mayiko onse 54 a mu Africa, ndipo osankhidwa amaphunzira pa intaneti kenako n'kulandira madola 5,000 osabweza. Kulembetsa kumatsegulidwa mu Januwale pa tsamba lawo la pa intaneti la TEFConnect ndipo n'kwaulere. Wina akakuuzani pa WhatsApp kuti mutumize kangachepe kuti akulowetseni, ameneyo ndi wakuba. Olembetsa amakhala ochuluka zedi, ndiye musaimitse geni podikira.

Ndikupempheninso kuti mawu oti kunja asamangotanthauza London. Kuchokera pa Mchinji boma, Chipata ndi pafupi kuposa Lilongwe. Pa boda ya Mchinji ndi Mwami pamagwira ntchito ndondomeko ya COMESA ya amalonda ang'onoang'ono, yolola katundu wa mtengo wosakwera kwambiri kudutsa ndi mapepala ochepa, ngati katunduyo ali pa mndandanda umene Malawi ndi Zambia adagwirizana. Pali desiki yothandiza amalonda pomwepo. Kafunseni ngati chiponde chilipo pa mndandandawo, ndi mapepala a zaumoyo amene mbali ya Zambia imafuna pa zakudya.

Ndikadakhala inu, mwezi uno ndikadatenga mabotolo awiri n'kukayezetsa chuku, kuti ndidziwe pamene ndaima. Zotsatirazo ndi zimene zikuuzeni maphunziro oyamba kuwafunafuna. Mukazilandira dzatiuzeni muno, alipo anzathu a uchi ndi a ufa wa soya amene adadutsa kale ku MBS, akulongosolerani za mafomu ndi ndalama zake.