Ukufuna kuphunzira za America ndi Cold War? Yambira ku Zomba

Kalata ya sabata ino yachokera kwa mtsikana wa ku Dedza amene wangolemba kumene MSCE. Akuti History inamulowa mumtima, makamaka nkhani ya momwe America inkachitira ndi mayiko ena pa Nkhondo Yachiwiri ya Dziko Lonse komanso pa kulimbana kwake ndi chikomyunizimu cha Soviet Union, kumene kumatchedwa Cold War. Akufuna akaphunzire International Relations ku America kuti adzakhale kazembe. Bambo ake akuti History imathera pa bolodi ndi choko, asankhe Accounting. Akufunsa kuti amvere ndani. Makalata otere amabwera chaka chilichonse nthawi yodzaza mafomu a NCHE ikayandikira.

Mwana wanga, ndiyambe ndi zowawa. Kazembe wa America amakhala nzika ya America basi. Mmalawi atha kulembedwa ntchito ku ofesi yawo ku Lilongwe, koma sangayimire dziko lawo. Kwathu kuno akazembe amasankhidwa ndi Pulezidenti, ndipo amene amalowera ku Unduna wa Zakunja amayamba pansi penipeni, kulemba malipoti kwa zaka zambiri. Digiri yoyamba ku America nayo ndi ndalama zankhaninkhani, madola masauzande makumi angapo pa chaka ukaphatikiza fizi, chakudya ndi pogona. Amene amangokhala pakhomo kudikira sikolashipu yoteroyo amataya zaka ziwiri, zitatu, anzawo akumaliza makosi. Zimenezo sindikufuna kumva kuti wachita.

Njira imene ndimaikhulupirira ndi iyi: pa fomu ikapo kosi ya History kapena Political Science ku University of Malawi ku Zomba, ukakhoze bwino, za America ukazione pa masitazi. Phunziro lakoli lili ndi mwayi umene ena alibe, chifukwa zipangizo zake zenizeni zili pa intaneti ulele. Boma la America limasindikiza makalata ndi matelegalamu ake akale m'mabuku otchedwa Foreign Relations of the United States, ndipo lamulo la 1991 limati zituluke pasanadutse zaka 30. Za mbali ya Soviet Union, zomasuliridwa m'Chingerezi, zili pa Wilson Center Digital Archive.

Yamba ndi telegalamu yaitali imene George Kennan, mkulu wina wa ku ofesi ya kazembe wa America, anatumiza ku Washington kuchokera ku Moscow mu February 1946. Ankanena kuti atsogoleri a Soviet sadzakhulupirira mayiko a Kumadzulo, koma amabwerera m'mbuyo akakumana ndi mphamvu. Kenako werenga ya Nikolai Novikov, kazembe wa Soviet ku Washington, ya mu September chaka chomwecho, imene inati America ikufuna kulamulira dziko lonse. Uziike pamodzi ziwirizi, cholembera chili m'manja, ndipo pa tsamba lililonse udzifunse kuti wolembayu akuopa chiyani, nanga bwana wake akufuna kumva chiyani. Ukatero ndiye uwerenge mawu a Pulezidenti Truman wa America a pa 12 March 1947, popempha Congress, Nyumba ya Malamulo ya dzikolo, madola 400 miliyoni othandizira Greece ndi Turkey. Uona momwe maganizo a pa pepala anasandukira ndalama, kenako Marshall Plan ya madola pafupifupi 13 biliyoni yomangiranso mayiko a ku Ulaya, kenako mgwirizano wa asilikali wa NATO mu 1949.

Apa ndi pamene ambiri amagwa. Amaloweza madeti kuchokera pa mavidiyo a pa YouTube, n'kumaona nkhaniyi ngati mpira, timu yabwino ndi timu yoipa. Amaiwala kuti kuyambira 1941 mpaka 1945 America ndi Soviet Union anali mbali imodzi, ndipo America inatumizira Stalin, mtsogoleri wa Soviet, katundu wa madola pafupifupi 11 biliyoni kudzera mu Lend-Lease, malole, ndege ndi chakudya. Wophunzira amene sangafotokoze momwe abwenziwa anasandukira adani m'zaka ziwiri zokha sanayambe n'komwe phunziroli.

Ndipo usaganize kuti pokhala ku Zomba uli kutali ndi nkhaniyi. Mkanganowu unafika ku Congo mu 1960, unafika ku Angola, kumene Congress inaletsa thandizo lachinsinsi kwa omenya nkhondo mu 1976 n'kudzachotsa chiletsocho mu 1985. Dr Banda, amene ankadana ndi chikomyunizimu poyera, anapanga ubale ndi Taiwan osati China yachikomyunizimu, ndipo anatsegula ubale ndi South Africa mu 1967. Mayiko a Kumadzulo anamulekerera kwa zaka zambiri, koma Soviet Union itangogwa mu December 1991, pofika May 1992 opereka thandizo anakumana ku Paris n'kuimitsa thandizo lachitukuko. National Archives ili mu Zomba momwemo. Wophunzira wa ku Ohio sangapite kumeneko wapansi, iwe ungathe. Mutu wofufuza wochokera m'mafayilo amenewo ndi umene ungakusiyanitse ndi anzako pofunsira Fulbright, sikolashipu ya boma la America imene imafuna digiri yoyamba yokhoza bwino, makalata a aphunzitsi okudziwa ntchito yako ndi mayeso a Chingerezi monga TOEFL. Mapologalamu amenewa amasintha ndi ndale za ku Washington, choncho uzifunsa ku ofesi ya kazembe wa America chaka ndi chaka.

Tsopano inu bambo. Nkhawa yanu ndikuimva, ntchito za History n'zochepa ndithu: uphunzitsi, utolankhani, kafukufuku, mabungwe ndi boma. Koma uphunzitsi umene mukuunyozawo ndi umene wakhozetsa mwana wanu. Mwana wokankhidwira ku Accounting mtima uli kwina amangokwawa, n'kutuluka ndi digiri yofooka imene siitsegula khomo lililonse. Mufunseni akuonetseni ntchito, osangomutseka pakamwa.

Iwenso usangoti ndimaikonda. Mafomu asanatsekedwe, werenga matelegalamu awiri aja mpaka kumapeto, ulembe masamba awiri ofananitsa, ukawapatse aphunzitsi ako a History ndi bambo ako. Chingerezi chake n'cholimba, dikishonale ikhale pambali. Ukalephera kumaliza, amvere bambo. Ukamaliza n'kutsala ndi mafunso ambiri kuposa amene unayamba nawo, dzaza fomuyo, ndipo chaka choyamba chomwecho uyambe Chifalansa kapena Chipwitikizi, chifukwa nkhani za Congo, Angola ndi Mozambique sizinalembedwe m'Chingerezi mokha.