Funsani Tiyankhe: Za siomai, chakudya chotsika mtengo cha m'misewu ya ku Philippines

Akonzi, mwana wanga wamkazi akuphunzira unamwino m'chigawo cha Cavite ku Philippines, ndipo ndikamufunsa pa foni chimene wadya, nthawi zambiri amandiyankha kuti wadya siomai ndi mpunga pa kamalo kogulitsira zakudya kamene kali pafupi ndi kumene amagona. Akuti n'chokoma komanso n'chotsika mtengo, moti ndalama imene timamutumizira imamufikitsa kumapeto kwa mwezi. Ine mtima suli m'malo chifukwa chakudyachi sindichidziwa, komanso ife ndi a mpingo wa Seventh-day Adventist ndipo sitidya nkhumba, ngakhale iye akunena kuti amagula cha nyama ya ng'ombe. Kodi chakudyachi n'chotani, nanga munthu angachidalire tsiku ndi tsiku osadwala nacho?

*Mayi wa ku Makwasa, Thyolo*

Mayi, nkhawa yanu ndi yomveka, koma tiyambe ndi kukukhazikani mtima pansi pa mbali imodzi. Mwana wanu sakudya chinthu chonyozeka kapena cha anthu osowa pogwira, chifukwa siomai ndi chakudya chimene ophunzira, anamwino, ogwira ntchito m'maofesi ndi oyendetsa timabasi ta kumeneko totchedwa jeepney amadya tsiku lililonse m'mizinda ya dzikolo.

Kapangidwe kake ndi kotere: amatenga nyama yogaya n'kuisakaniza ndi anyezi, adyo, karoti, dzira ndi ufa pang'ono, kenako amaikulunga m'kachikopa kopyapyala ka ufa wa tirigu, pamwamba n'kusiya posatseka kuti nyamayo izioneka. Ena amathiramo singkamas, mzu woyera wotsekemera pang'ono umene umakukutika potafuna. Timaphukusi timeneti amatiphika ndi nthunzi m'mabasiketi a nsungwi kapena m'mapoto achitsulo osanjikizana okhala ndi zibowo kunsi, ndipo kaphukusi kalikonse ndi kakang'ono moti munthu amakamaliza ataluma kawiri. Mukafuna kuchiyerekeza ndi cha kwathu kuno, ganizirani samusa wamng'ono amene sanalowe m'mafuta koma wapsa ndi nthunzi yokha.

Chakudyachi chinachokera ku China ndipo chinafika ndi amalonda achitchaina amene akhala akuchita malonda ku Manila kwa zaka mazana angapo. Dera la Binondo mumzindawu linakhazikitsidwa mu 1594 ndi boma la atsamunda a ku Spain kuti muzikhala Atchaina amene analowa Chikatolika, ndipo mpaka lero mumsewu wa Ongpin muli malo odyera ambiri ogulitsa zakudya zophika ndi nthunzi. Munthu amene amakumbukiridwa kwambiri pa nkhani yofikitsa zakudya zotere kwa anthu wamba ndi Ma Mon Luk, amene anachoka m'chigawo cha Guangdong ku China mu 1918 n'kuyamba kugulitsa msuzi wa nkhuku wokhala ndi ma noodle, atasenza zotengera ziwiri pa mtengo wa paphewa, ndipo pambuyo pake anatsegula malo odyera otchuka ndi msuzi wa ma noodle womwewo wotchedwa mami, mabanzi ophika ndi nthunzi okhala ndi nyama mkati otchedwa siopao, komanso siomai. Afilipino anachilandira chakudyachi n'kuchisintha monga mwa kukonda kwawo. Ku China chimadyedwa ngati kachakudya kapambali pomwa tiyi, pamene ku Philippines anachisandutsa ndiwo ya mpunga, ndipo anachipatsa msuzi wawowawo wopangidwa ndi sosi wa soya, madzi a calamansi, amene ndi kandimu kakang'ono kobiriwira kunja koma kachikasu mkati, komanso tsabola ndi adyo zokazinga m'mafuta. Kwa ife, msuzi umenewu ndi umene umachititsa kuti munthu abwererenso mawa lake, chifukwa siomai wopanda calamansi ndi tsabola amakhala wozizira m'kamwa. Mumzinda wa Cebu muli dera lotchedwa Tisa limene linatchuka ndi siomai wake, ndipo kumeneko amadyera puso, mpunga wophikira m'timatumba toluka ndi masamba a kokonati.

Kutsika mtengo kwake kusakuchititseni mantha, chifukwa kuli ndi zifukwa zake zomveka. Timalo tambiri timene timaoneka m'masiteshoni a sitima zoyenda mumzinda wa Manila zotchedwa LRT ndi MRT, m'misika ikuluikulu ndi pazipata za masukulu ndi nthambi za makampani monga Master Siomai ndi Siomai House, amene amapanga timaphukusi tambirimbiri pamalo amodzi, n'kutiundanitsa mufiriji, kenako n'kutigawa kwa ogulitsa. Wogulitsa amangofunika kakauntala, poto wa nthunzi ndi munthu mmodzi wotumikira, ndipo sagula mafuta okazingira, n'chifukwa chake mbale ya timaphukusi tinayi imagulidwa ndi ma peso makumi ochepa chabe. Palinso ena amene amapanga okha kunyumba n'kumagulitsa pa ngolo kapena pa njinga, ndipo awa amatsitsa mtengo kwambiri pochepetsa nyama n'kuchulutsa ufa kapena soya. Siomai wotereyu sadwalitsa chifukwa cha ufawo, kungoti amakhala wolimba ngati mphira ndipo sapatsa thupi zambiri.

Tsopano tifike pa nkhani ya nkhumba, imene tikuona kuti ndi yaikulu pa kalata yanu, ndipo pano sitikubisirani kanthu. Siomai weniweni wa ku Philippines ndi wa nkhumba, ndipo kawirikawiri amasakanizamo nkhanu zing'onozing'ono za m'nyanja ya mchere zimene kumeneko amati hipon, zomwenso a mpingo wanu sadya. N'zoona kuti aliponso wa ng'ombe ndi wa nkhuku, koma dzina lolembedwa pa chikwangwani silitsimikizira kuti mulibe nkhumba, chifukwa nyama ya ng'ombe ndi ya nkhuku zimauma zikaphikidwa ndi nthunzi, ndipo si zachilendo kuti opanga ena athiremo mafuta a nkhumba kuti zifewe. Wotchedwa Japanese siomai, amene amakulungidwa m'ndere zakuda za m'nyanja, nthawi zambiri mkati mwake mumakhala nkhumba, chimodzimodzinso wotchedwa shark's fin, amene dzina lake limamveka ngati nsomba. Kuwonjezera apo, mitundu yonseyi imaphikidwa mumpoto umodzi, ndipo mafuta a m'basiketi ya pamwamba amatha kudonthera pa za m'munsi.

Chimene mwana wanu angachite ndi kufunsa mwaulemu, potchula wogulitsa wamkazi kuti Ate ndi wamwamuna kuti Kuya monga amachitira eni dziko, kuti, "May baboy po ba ito?", kumene kuli kufunsa ngati muli nkhumba. Komabe adziwe kuti wogulitsa wa pa nthambi ya kampani sanapange yekha chakudyacho, choncho akhoza kuyankha kuti mulibe chikhalirecho sakudziwa, osati pofuna kunamiza munthu koma chifukwa iye anangolandira paketi yotsekedwa kale. Njira yodalirika ndi kupempha kuti aone paketiyo n'kuwerenga zimene zalembedwapo, kapena kugula kwa munthu amene amapanga yekha ndipo akumudziwa bwino. Afilipino ali ndi chikhalidwe cha suki, chakuti wogula ndi wogulitsa amazolowerana n'kumakhulupirirana, ndipo kasitomala wotere amauzidwa zoona, mwinanso kupangiridwa chake chapadera. Owerenga athu achisilamu amene ali ku Manila angapeze malo ogulitsa zakudya za halal m'dera la Quiapo, pafupi ndi mzikiti wa Golden Mosque, ndipo pa nkhani ya nkhumba malo amenewa angathandizenso mwana wanu, ngakhale kuti za hipon ayenera kufunsabe payekha.

Pa nkhani ya matenda, siomai ali ndi mwayi umene zakudya zambiri za m'misewu zilibe, wakuti amakhala pa nthunzi mpaka nthawi yogulitsidwa. Nyama yogaya imafunika kutentha kufika madigiri 71 mkati mwake kuti tizilombo toyambitsa matenda tife, ndipo ikapsa iyenera kusungidwa pa kutentha kopitirira madigiri 60. Bungwe la zaumoyo pa dziko lonse la WHO limalangizanso kuti chakudya chophika chisakhale poyera kupitirira maola awiri. Choncho mwana wanu aziyang'ana ngati nthunzi ikutuluka wogulitsa akavundukula poto, ndipo akapatsidwa siomai wofunda chabe, wouma m'mbali kapena wonanda, abweze popanda manyazi. Pamalo pamene pali mzere wa anthu ndi pabwino kuposa pamene palibe ogula, chifukwa chakudya sichikhalitsa.

Kawirikawiri vuto silichokera m'poto koma m'zinthu za pambali pake. Botolo la sosi lofinya ndi labwino kuposa mtsuko umene aliyense akuviikamo kamtengo kake, ndipo chakumwa chotsekemera chotchedwa gulaman, chimene chimagulitsidwa pamodzi ndi siomai, ubwino wake umadalira madzi ndi ayezi amene anagwiritsa ntchito. Dzikolo lili ndi lamulo la zaukhondo la mu 1975, lotchedwa Presidential Decree 856, limene limafuna kuti malo ogulitsa zakudya akhale ndi chilolezo cha zaukhondo komanso kuti ogwira chakudya akhale ndi chiphaso cha zaumoyo. M'timalo tokhazikika mapepala amenewa amapachikidwa poonekera, pamene kwa oyenda ndi ngolo munthu amadalira maso ake.

Funso lanu lomaliza, lakuti angachidalire tsiku ndi tsiku, yankho lathu ndi lakuti ayi, ndipo chifukwa chake si ukhondo koma mchere ndi kusowa kwa masamba. WHO imalangiza kuti munthu wamkulu asapitirire magalamu 5 a mchere pa tsiku, ndipo siomai wa m'fakitale amakhala kale ndi mchere wambiri asanathiridwe sosi wa soya. Mbale ya mpunga woyera ndi timaphukusi tinayi imathetsa njala, koma mulibe ndiwo zamasamba ngakhale pang'ono. Monga wophunzira unamwino, mwana wanu akudziwa kale kugwirizana kwa mchere ndi matenda a kuthamanga kwa magazi, choncho mungomukumbutsa kuti masiku ena azilowa mu karinderya, timalo todyera ta mabanja timene timaphika ndiwo zosiyanasiyana pa mtengo wotsika, n'kuitanitsa tinola, msuzi wa nkhuku wophika ndi jinja, papaya wosapsa ndi masamba a malunggay, amene ndi chamwamba chathu chomwechi.

Akonzi, ndinakhalako ku Cebu pa maphunziro a kuntchito ndipo ndinazolowera siomai wa ku Tisa. Chibwerereni kumudzi kuno ndakhala ndikumulakalaka. Kodi n'zotheka kumupanga ndi zinthu zopezeka m'misika yathu, ndipo kodi angayende malonda?

*Bambo wa ku Area 25, Lilongwe*

Bambo, n'zotheka ndithu, ndipo chovuta ndi chimodzi chokha, chikopa chokulungira. Mukapeza zikopa zopangapanga m'masitolo ogulitsa zakudya zachitchaina mwapeputsa ntchito, koma mukapanda kuzipeza, sakanizani makapu awiri a fulawa, dzira limodzi, mchere pang'ono ndi madzi ongokwanira kuti mtanda ukhale wolimba. Ukandeni mpaka usalale, uvundikireni kwa mphindi 30, kenako upapatizeni ndi botolo kapena mpini mpaka upyapyale moti chala chizioneka kuseri kwake, n'kuudula m'tizidutswa ta masentimita 8 mbali zonse. Ambiri amalephera pomwepa, chifukwa chikopa chokhuthala sichipsa bwino ndipo chimamata m'kamwa.

Pa theka la kilogalamu ya nyama yogaya, onetsetsani kuti muli mafuta ndithu, chifukwa nyama ya mnofu wokhawokha imatuluka youma. Thiranimo anyezi mmodzi ndi karoti mmodzi zodula bwino kwambiri, adyo, dzira, masipuni awiri a ufa wa chimanga wosalala uja wa m'sitolo, sosi wa soya ndi tsabola wakuda, kenako takasani mbali imodzi mpaka nyamayo iyambe kumatana. Ikani sipuni imodzi pakati pa chikopa, kwezani m'mbali n'kufinya pang'ono ndi zala, pamwamba n'kusiya posatseka. Muyeso umenewu umatulutsa timaphukusi pafupifupi 30. Ngati mulibe poto wa nthunzi, ikani sefa yachitsulo pamwamba pa poto wa madzi owira, yalanimo masamba a kabichi kapena a nthochi opaka mafuta kuti zisamatirire, vundikirani, ndipo dikirani mphindi 15 mpaka 20, kenako dulani kamodzi pakati kuti mutsimikize kuti mulibe kufiira. M'malo mwa calamansi finyirani ndimu mu sosi wa soya, ndipo kazingani adyo wosinja ndi tsabola wa kambuzi m'mafuta pa moto wochepa, chifukwa adyo akapserera amawawa ndipo msuzi wonse umawonongeka.

Za malonda, maganizo athu ndi akuti muyambe ndi wa nkhuku kapena wa ng'ombe wopanda nkhumba m'pang'ono pomwe, ndipo muziwauza ogula momveka bwino zimene mwathiramo, popeza pali makasitomala ambiri a mumzinda amene sadya nkhumba pa zifukwa za chipembedzo. Kumbukiraninso kuti kutsika mtengo kwa siomai ku Philippines kumadalira firiji ndi kupanga zambiri nthawi imodzi, pamene kuno magetsi akazima kwa maola angapo nyama yogaya imawonongeka msanga kuposa nyama yamphumphu. Pangani zokwanira tsiku limenelo, poto akhale pa mbaula nthawi yonse yogulitsa, ndipo musanaike tebulo pamsewu pitani kaye ku khonsolo ya mzinda mukafunse za chilolezo chogulitsira zakudya.