Nambala ya kumbuyoyo si chaka, achimwene

Achimwene, dikirani kaye, musatumize ndalama ya chisoti chachitsulo cha asilikali a ku Germany a pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse chimene mukufuna kugulacho. ET64 ili m'mbaliyo ndi manambala anayi a kumbuyo amene ali pa chithunzi mwationetsacho sakuchitira umboni zonse zimene wogulitsa akukuuzani. Ya kumbuyoyo si chaka, ndiponso si nambala ya msilikali amene anavala chisoticho. Ndi lot number, ya gulu la zitsulo zimene anasulira zisoti zambirimbiri ulendo umodzi. ET ndi fakitale ya ku Thale, 64 ndi saizi ya chigoba, basi. Q ndi Quist ya ku Esslingen, SE ya ku Lauter, NS ya ku Schwerte, EF ya ku Fulda. Iliyonse inkawerenga payokha, ndiye ya Q simungaiyerekeze ndi ya ET.

Ine nkhani imeneyi inandiwotcha konkuno ku England, mpaka pano ndikaikumbuka mtima umawira. Tambwali wina wa pa intaneti anandigulitsa chisoti cha ckl66 (zilembo za fakitale ndi saizi) chokhala ndi ma decal, zithunzi zomata za zizindikiro za asilikali, mbali zonse ziwiri, chiwombankhanga kumanzere, chishango chakuda, choyera ndi chofiira kumanja. Ananditumizira chithunzi cha nambala chooneka bwinobwino, n'kulumbira kuti waifufuza m'mndandanda wa ma lot number a zisoti zodziwika ndipo ikugwirizana. Ndalama imene ndinkasungira tikiti yopita kumudzi inathera pamenepo.

Tsiku la chionetsero cha zinthu zankhondo ndinachinyamula m'chikwama nditachikulunga ndi thaulo, n'kukachiika patebulo la mdala wina amene wakalambira pa malonda omwewa. Nambala sanayambe n'kuiyang'ana komwe. Anayendetsa chala m'mphepete, nati mphepete yosapinda chonchi ndi ya mtundu wa chisoti wotchedwa M42. Anachitembenuzira kumanja, n'kuloza chishango chija ndi chikhadabo. Anandiuza mosakweza mawu kuti chishango cha mitundu itatu analamula kuti chichoke mu 1940, pamene M42 inayamba mu 1942, ndipo zilembo za ckl zinabwera pambuyo pake kulowa m'malo mwa ET ku Thale komweko. Nanga chishango chinafikapo bwanji? Anatulutsa kagalasi kokulitsa zinthu n'kundipatsa kuti ndione ndekha. Timaenje ta dzimbiri tinali pansi pa decal, iyo itagona pamwamba ili yosalala. Mkwasa wa papenti unkalowa pansi pa phiko la chiwombankhanga n'kutulukira mbali inayo, phikolo osakandika ngakhale pang'ono. Kenako ananunkhiza chikopa cham'kati n'kundipatsira: fungo la polishi wa nsapato lokhalokha. Timiyendo ta mapini ogwira lamba tinali titapindidwa kangapo, topala kuti mbee. Anthu anali atazungulira tebulo, wina akujambula ndi foni. Ndinangoti kakasi, m'manja thukuta, kukamwa gwa. Mdalayo pomaliza ndi pamene anayang'ana nambala ija, nati iyi yokha ndiye yeniyeni.

Nditamulembera mkulu anandigulitsa uja anandiyankha kuti ndinagula nditaona zithunzi, kenako anandibuloka. Pasanapite nthawi ndinaona waika china, ma decal awiri ngati kale, mawu ake omwe aja. Anthu amenewa alibe chisoni. Amagula zigoba zenizeni zopanda chizindikiro pa mtengo wozizira, amamata zithunzi zosindikiza dzulo, amazidetsa, kenako amakuonetsani nambala poti akudziwa kuti ndi pamene maso athu amathamangira. Nambalayo siinama, koma imanena za chitsulo chokha. Za penti, decal, chikopa ndi lamba wa pachibwano ilibe nazo mawu, ndiye pa zimenezi musaidalire ngakhale pang'ono.

Chanucho muuzeni wogulitsayo ajambule mphepete ndi timabowo ta mpweya. Mphepete yopinda ndi timabowo tokhala ndi kamphete kochita kulowetsa, ndiye M35. Yopinda koma timabowo tongodinda m'chitsulo momwemo, M40. Muone lamba wachitsulo wam'kati: amakhala ndi chaka ndi saizi, ndipo chigoba cha 64 chimayenda ndi 56 kapena 57. Oyambirira anali a aluminium, a pambuyo achitsulo chokutidwa ndi zinc. Ngati ndi M40 koma ali ndi chishango chowala bwino, funsani kawiri. Dziwaninso kuti ku Thale manambala anafika poyambiranso, choncho nambala imodzi ikhoza kupezeka pa zisoti za zaka zosiyana, mtundu wa chigoba ndi umene ungakuuzeni.

Komabe nambalayo ajambulenso atawalitsa tochi cham'mbali kuti manambala onse aoneke, muitumize kwa anzathu amene ali ndi mindandanda ija. Zina zonsezi zikakhala bwino, nambalayo n'kugwera pakati pa zinzake za nthambi yomweyo ya asilikali ndi decal ya mtundu womwewo, ine ndikuti gulani msanga ena asanakulandeni, za ET zabwino sizichedwa pamsika. Mungolipira kudzera njira yoti mungabwezeredwe ndalama.