Mwala wakuda wonunkha mafuta unandinamiza

Mayi wina wandilembera imelo. Akuti anawerenga kuti pansi pa dziko lina pali gasi wosaneneka m'miyala ya shale, miyala yopangidwa ndi matope akalekale omwe anauma n'kulimba, ndiye akufunsa kuti akatswiri amadziwa bwanji zimenezi asanakumbe. Mayi, mwandikhudza pachilonda.

Nditangoyamba kumene ntchito yofufuza miyala, anandipatsa chidutswa cha mwala chomwe chinatuluka pa mamita oposa 2,000 pansi. Chinali chakuda bii, chosendeka timapepala topyapyala. Nditachiswa ndi hamala, fungo longa la parafini linandilowa m'mphuno, mtima n'kudumpha. Usiku womwewo ndinalemba lipoti lodzaza ndi chiyembekezo, tulo osabwera. Patatha masabata atatu zotsatira za ku labu zinafika. Kaboni, yemwe ndiye gwero la mafuta ndi gasi, analimo ndithu, koma dongo ndi limene linachuluka. Mkulu amene ankatiyang'anira sanandikalipire. Anangondipatsa chidutswa chija nati, "Takandani ndi chikhadabo." Chinakandika. Kenako anati, "Mwala wofewa chonchi mukaung'amba ndi madzi, ming'alu imatsekekanso, mchenga womwe mwapopamo n'kumira m'dongomo." Mafuta analimo, koma njira yotulukira panalibe. Mpaka lero ndikagwira shale, chala chimayamba chokha kukanda.

N'chifukwa chake manambala akuluakulu a m'nyuzipepala amandiwawa. Mu 2011 bungwe la EIA, la boma la America losonkhanitsa ziwerengero za mafuta, gasi ndi magetsi, linati Poland ili ndi gasi wa shale wokwana makyubiki mita 5.3 thililiyoni. Anthu anasangalala, poganiza kuti asiya kudalira gasi wa ku Russia. Chaka chotsatira, bungwe la miyala la ku Poland komweko linatsitsa chiwerengerocho kufika pakati pa makyubiki mita 346 ndi 768 biliyoni. Makampani a mafuta anasiya kufufuza kumeneko: ExxonMobil inachoka mu 2012, Chevron mu 2015. Ku California nako, mu 2014 EIA inadula chiyerekezo cha mafuta a m'miyala ya shale ya Monterey kuchoka pa migolo 13.7 biliyoni kufika pa 600 miliyoni. Mwala sunasinthe, anasintha ndi anthu atauona pafupi. Ine ndinene mosapsatira: kuuza anthu chiwerengero chotere zitsime zisanakumbidwe n'kuwagulitsa maloto, ndipo amene amalira pambuyo pake si amene analemba lipoti.

Ena amati, "Nanga bwanji ku Texas zinatheka?" Zinatheka, koma taonani nthawi yake. Kampani ya George Mitchell inakumba chitsime choyamba m'miyala ya shale yotchedwa Barnett mu 1981, ndipo njira yong'amba mwalawo popopamo madzi ambiri ndi mchenga pang'ono inadzabala zipatso mu 1998. Zaka 17 akutaya ndalama pa mwala umodzi! Komanso Barnett ili ndi quartz wambiri, mwala wolimba womwe umapezekanso mumchenga, choncho imasweka ngati galasi. Zimene zinayenda kumeneko sizisamuka ngati katundu.

Nanga amayeza chiyani?

Choyamba ndi kaboni wochokera ku zamoyo zakale, yemwe mwachidule amamutcha TOC. Akaposa 2 peresenti akatswiri amayamba kutchera khutu. Kenako amaona ngati mwala "unapsa" mokwanira pansipo, poyeza kunyezimira kwa vitrinite, tizidutswa ta zomera zakale ta m'mwalamo, pa maikulosikopu: cha pa 0.6 mpaka 1.0 peresenti ndi mafuta, kupitirira apo gasi amayamba kuchuluka, ndipo ukapserera palibe chotsala. Amaonanso kukhuthala kwa mwalawo, kuya kwake, ndi kuchuluka kwa dongo poyerekeza ndi quartz. Zonsezi zimangonena zomwe zili pansi, osati zomwe zidzatuluke.

Tsono mayi, mukadzaonanso nambala ngati ija, funsani kuti zitsime zomwe zakumbidwa ndi kung'ambidwa m'deralo ndi zingati, komanso kuti chilichonse chinkatulutsa zochuluka bwanji patatha chaka. Zitsime za shale zimayamba ndi mphamvu, koma zambiri zimatsika kupitirira theka chaka choyamba chisanathe.