Nsomba zaminga m'thanki ya abwana: yoopsa ndi iti?

FUNSO

Akonzi, ndine bambo wa zaka 58, ndimakhala ku Tafara ndipo ndimagwira ntchito yam'nyumba ku Borrowdale, mu mzinda wa Harare. Abwana anga ali ndi thanki yagalasi ya madzi amchere pabalaza, ndipo popeza akupita kunja kwa miyezi iwiri, andisiyira ntchito yodyetsa nsomba ndi kupukuta galasi. Muli nsomba ina ya mizere yofiira ndi yoyera, ya zipsepse zotambasuka ngati mchira wa nkhukundembo, imene angondiuza kuti ndisaikhudze. Mulinso ina yachikasu, yakukamwa kosongoka, yooneka yofatsa. Kodi yoyambayo ingaphe munthu? Nanga ndigwire bwanji ntchitoyi kuti ndisavulale?

Wowerenga wa ku Tafara

YANKHO

Bambo, nsomba yamizere imene mwafotokozayo ndi lionfish, ya mtundu wa Pterois, yomwe kwawo ndi m'nyanja zamchere za Indian ndi Pacific, ndipo imapezekanso m'mphepete mwa Mozambique. Zipsepse zam'mbali zimene zakukumbutsani nkhukundembozo zilibe poizoni. Poizoni ali m'minga 18: pamsana pali 13, kunsi chakumchira kuli zitatu, ndipo ziwiri zili m'zipsepse zapamimba. Sikawirikawiri kuti nsombayi iphe munthu wamkulu wathanzi, koma ululu wake ndi woti bambo wandevu amagwetsa misozi, ndipo dzanja limatha kukhala lotupa kwa masiku angapo. Ngati munabayidwapo ndi nkolokolo kunyanja kumudzi, mukudziwa chiyambi chabe cha ululu umenewu.

Komatu imene yandidetsa nkhawa m'kalata yanu ndi yachikasuyo. Ngati nkhope yake ili ndi mizere yakuda ndi yoyera, imeneyo ndi foxface, ya mtundu wa Siganus, ndipo nayonso ili ndi poizoni m'minga 13 zapamsana, zisanu ndi ziwiri zakunsi, ndi zina zapamimba. Imadya ndere ndipo siivutitsa zinzake, n'chifukwa chake ngakhale eni mathanki amaiwala kuchenjeza anthu za iyo. Ndi nsomba yamantha, yoti ikadzidzimuka imadzutsa minga zonse n'kuthamangira kulikonse, ngakhale kumene kuli dzanja lanu. Mukaiona usiku itasanduka yamawangamawanga abulauni, musaganize kuti yadwala n'kuyamba kuigwiragwira, chifukwa ndi mmene imadzibisira ikamagona kapena ikachita mantha.

Nsomba ziwirizi sizisaka munthu ndipo siziponya minga. Munga uliwonse uli ndi timizere m'mbali momwe mumakhala poizoni, wokutidwa ndi kakhungu kopyapyala, ndipo kakhunguko kamang'ambika munga ukalowa m'thupi. Choncho ngozi imachitika dzanja likakumana ndi nsomba imene mwini dzanja sanaione. Musanaviike ngakhale chala, yambani mwaziona zonse ziwiri ndi maso anu, pokumbukira kuti lionfish imakonda kukhala chadodolido kunsi kwa miyala, malo amene munthu woyang'ana kuchokera pamwamba sangawaone. Popukuta galasi, gwiritsani ntchito chopukutira cha maginito kapena cha chogwirira chachitali. Ngati palibe kuchitira mwina koma kulowetsa mkono, itanani mnzanu wapamunda kuti aime pambali n'kumakuuzani kumene nsombazo zikulowera. Magolovesi otsukira mbale musawadalire, munga umawaboola ngati pepala.

Pa kadyetsedwe napo pali msampha. Lionfish imamuzolowera munthu amene amaipatsa chakudya, moti pakangopita masiku idzayamba kukwera pamwamba ikakuonani, minga zapamsana zili pafupi ndi pomwe mwatsegula chivundikiro. Muziipatsa chakudya chimene abwana akusiyirani ndi kamtengo kapena chopanira chachitali, kawiri kapena katatu pa mlungu basi, ndipo mukatha muzivundikira, makamaka ngati pakhomopo pamabwera ana.

Tisaiwale kuti kuno ndi ku Harare, kumene magetsi amapita osatsanzika. Akazima, pampu ndi hita zimaima, ndipo munthu wokhulupirika pa ntchito amathamangira kukapisa dzanja m'madzi kuti aone chimene chavuta. Anthu amabayidwa pa nthawi ngati imeneyo. Kayatseni jenereta kapena invheta choyamba, tengani tochi, ndipo m'thanki yamdima musalowetsemo dzanja. Nsomba ikafa, kaya ndi kuzizira kwa mu June kapena kusowa mpweya, itoleni ndi chopanira, chifukwa minga za nsomba yakufa zimabayabe ndi poizoni wake. Yamoyo ikafunika kusamutsidwa, ikokereni m'kontena yapulasitiki yokhala ndi chivundikiro, popeza mu ukonde minga zimakodwa, ndipo pozikodola m'pamene zala zimavulala.

Mukabayidwa, vulani mphete ndi wotchi nthawi yomweyo dzanja lisanatupe, tsukani balalo, ndipo muviike m'madzi otentha kwambiri koma osawotcha, osapitirira madigiri 45, kwa mphindi 30 mpaka 90, mukuwonjezera ena akamazizira. Kutentha kumachepetsa ululu wa poizoni wamtunduwu. Madziwo muyambe mwawayesa ndi dzanja labwinolo, chifukwa lobayidwalo silimva bwino kutentha ndipo mukhoza kudzipsereza osadziwa. N'chifukwa chake ndikukulangizani kuti tsiku lotsuka thanki muzikhala ndi fulasiki ya madzi otentha pafupi, poti ketulo yamagetsi idzakukanani pa tsiku lomwe mukuifuna. Zimene ena amachita munthu akalumidwa ndi njoka, monga kutema mphini, kuyamwa bala kapena kumanga mkono ndi chingwe, musachite n'komwe. Ululu ukachepa pitanibe kuchipatala kuti akaone ngati kachidutswa ka munga katsalira m'kati, ndiponso akakubayeni katemera wa kafumbata ngati papita nthawi. Koma mukayamba kubanika, kumva chizungulire, kusanza kapena kutupa nkhope, musadikire mphindi 30 zija. Wina akuthamangitsireni kuchipatala cha Parirenyatwa kapena kuchipatala chilichonse chapafupi.

Abwana asananyamuke, apempheni kuti akulembereni papepala mayina a nsomba zonse zam'thankimo, ndipo inu muzijambule pafoni, chifukwa dokotala wa dziko lopanda nyanja yamchere adzathandizidwa kwambiri ndi dzina ndi chithunzi. Muwafunsenso mosapita m'mbali ngati pakati pa miyalayo palibe stonefish, nsomba yooneka ngati mwala wandere imene imangokhala phee pansi. Imeneyo poizoni wake amatha kupha, ndipo mankhwala ake othana ndi poizoniyo amapangidwa kutali ku Australia. Akakuuzani kuti ilimo, akaisiye kusitolo kumene anaigula asanakwere ndege, ndipo inu musavomere kutsala nayo.