Kodi ndiyezetse kuti ndidziwe ngati ndidzadwala matenda amene anatenga bambo anga?

FUNSO: Ndine mtsikana wa zaka 27, ndimakhala ku Chinamwali mumzinda wa Zomba. Bambo anga anayamba kugwedezeka mutu ndi manja ali ndi zaka 44, kenako khalidwe lawo linasintha, ndipo abale ankati analodzedwa. Achimwene anga amene amagwira ntchito ku Johannesburg atawatengera kuchipatala kumeneko, madokotala anati ndi matenda a Huntington. Bambo anatisiya chaka chatha. Achimwenewo anayezetsa ndipo anapezeka kuti alibe, tsopano akundikakamiza kuti nanenso ndiyezetse ine ndi bwenzi langa tisanachite chinkhoswe. Kodi munthu akamva zotsatira zoterezi, mtima wake umakhala bwanji m'zaka zam'tsogolo?

YANKHO: Pepani kwambiri ndi imfa ya bambo anu, achemwali. Matendawa, amene dokotala wa ku America George Huntington anawafotokoza mu 1872, ndi akumtundu ndipo amawononga ubongo pang'onopang'ono. Mwana aliyense wa munthu wodwala amatha kutengera kapena kusatengera, mwayi wake ndi theka ndi theka, choncho zotsatira za achimwene anu sizikunena chilichonse za inu. Chimene chimayambitsa ndi jini imodzi imene akatswiri anaipeza mu 1993, ndipo kuno kwathu ndiyenera kunena momveka kuti jini imeneyi ndi kachidutswa ka chibadwa cha munthu, osati majini a mizimu amene anthu amaopa. Poyeza amawerenga kuti kachigawo ka jiniyi kotchedwa CAG kabwerezedwa kangati: kakafika 40 kapena kuposa, matendawa adzabwera ndithu, kawirikawiri pakati pa zaka 30 ndi 50.

Amalawife tinazolowera kumva kuti kuyezetsa magazi n'kwabwino, ndipo pa HIV zimenezi n'zoona chifukwa wopezeka ndi kachilombo amayamba kumwa ma ARV. Pa Huntington palibe mankhwala ochiza kapena oletsa kuti matenda asayambe, ndipo makina sangakuuzeni chaka chimene adzayambire. N'chifukwa chake m'mayiko ambiri amene mwayi woyezetsa ulipo, oyezetsa safika ngakhale munthu mmodzi mwa asanu alionse amene ali pachiopsezo. Ngakhale Nancy Wexler, katswiri amene mayi ake anamwalira ndi matendawa ndipo anathandiza kupeza jiniyi pofufuza mabanja a kunyanja ya Maracaibo ku Venezuela, anakhala zaka zambiri osafuna kuyezetsa.

Amene apezeka kuti anatengera matendawa amasweka mtima m'masabata oyambirira, koma ambiri amakhazikika chaka chisanathe, ndipo ena amati kudziwa kunawapepukira kusiyana ndi kukhala m'chikaiko. Kafukufuku wa mu 1999 wa anthu 4,527 oyezetsa anapeza kuti 44 ndi amene anadzipha, anayesa kudzipha kapena anagonekedwa m'chipatala cha matenda a maganizo, ndipo vutoli linkaonekera kwambiri mwa amene anadwalapo kale maganizo kapena anali pa ulova. Komabe chiwerengero chochepachi chisatipusitse, pakuti katunduyu amalemera pakapita nthawi. Ofufuza a ku Netherlands amene anatsatira anthu kwa zaka 7 mpaka 10 anaona kuti kutaya mtima kumabwereranso munthu akamayandikira msinkhu umene kholo lake linayambira kudwala. Mbale ikapulumuka m'manja potsuka, kapena akaiwala dzina la mnansi, munthu amadzifunsa ngati zayamba, ndipo mwamuna kapena mkazi wake nayenso amayamba kumuyang'anitsitsa mwakachetechete.

Amene apezeka kuti alibe nawonso sikuti onse amasangalala. Ena amadziimba mlandu kuti apulumuka okha pamene m'bale wawo watsala pamoto, ena amasowa pogwira chifukwa moyo wawo wonse anaukonza poyembekezera kudwala. N'kutheka kuti kukakamiza kwa achimwene anu kukuchokera pomwepa: akufuna mtima wawo ukhale pansi. Koma magaziwo ndi anu, ndipo malangizo amene mabungwe oona za matendawa anagwirizana mu 1994 amati munthu asaumirizidwe ndi wina aliyense, alandire uphungu kangapo asanayezetse, ndiponso ana osakwana zaka 18 asayezedwe.

Maganizo anga ndi akuti musayezetse panopa, maliro akadali m'mtima ndipo chinkhoswe chili pakhomo. Yambani mwaonana ndi aphungu a pachipatala cha matenda a maganizo cha Zomba, mukambirane za chisoni chanu ndi zimene mungachite zotsatira zikabwera mbali iliyonse. Mukadzasankha kuyezetsa, mutenge makalata a kuchipatala a bambo anu, chifukwa pali matenda ena ofanana nawo otchedwa HDL2, amene amapezeka mwa anthu a makolo a mu Africa muno, ndipo amayezedwa pa jini ina.

Bwenzi lanu mumuuze nokha za matenda a bambo anu ankhoswe asanakumane, popeza nkhaniyi ikukhudza ana amene mudzabereke. Kumuuza kuti muli pachiopsezo sikukukakamizani kuyezetsa, ndipo zotsatira zanu, mukadzazifuna, ndinu mudzasankhe woti azimve.