Anandidula mu mpingo, ndibwererenso?

Zikomo Anti. Ndine mtsikana wa zaka 24, ndimakhala ku Ndirande. Chaka chatha ndinatenga mimba ndisanakwatiwe ndiye akuluampingo anandiitana ku bwalo nkundidula, mgonero ndinasiya, kwaya yomwe ndaimba kuyambira ndili Fomu 2 anandichotsa. Kulakwa sindikukana ayi. Koma chikundiwawa nchoti mwini mimbayo ndi wa mpingo womwewo, anakana mwamtuwagalu ndipo mpaka pano akuimbabe kiyibodi Lamulungu lililonse. Ine ndikalowa ndi mwana kumbuyo azimayi ena amasendera kutali pa benchi. Mnzanga akuti ndizipita kutchalitchi kwawo komwe sandidziwa. Nditani?

Wosweka mtima, Blantyre

Mwanawe, za benchi zija zandikhudza kwambiri, ndinaziona ndi maso anga kwathu, mayi wina kunyamula chikwama chake nkuchiika pakati kuti mtsikana asamukhudze, iye atavala yunifomu yoyera bwino. Zinthu zochititsa manyazi.

Wachita bwino kuvomera kuti unalakwa, ambiri pamenepa mpovuta. Koma choonadi chomwe chinakuimika iwe pa bwalo chikuyenera kumuimikanso mnyamatayo. Pa Yohane 8 Afarisi anabwera kwa Yesu ndi mkazi yekha pomwe lamulo lomwe ankanenalo, pa Levitiko 20:10, limatchula onse awiri mwamuna ndi mkazi, ndiye ukuona kuti khalidweli silinayambe lero. Yesu sananene kuti mkaziyo sanachimwe, anamuuza kuti apite asakachimwenso, koma anayamba wawabalalitsa kaye ogenda miyala aja.

Kudulidwa si kuthamangitsidwa. Mipingo yomwe imadula anthu imakhalanso ndi njira yowabwezera, ndipo zimenezi zili m'Baibulo momwemo. Ku Korinto kunali munthu yemwe mpingo unamulanga, kenako Paulo pa 2 Akorinto 2:6-8 anawalembera kuti chilangocho chakwana, amukhululukire, amutonthoze, angamizidwe ndi chisoni. Ndiye pita kwa mkulu wa mpingo wa dera lanu kapena kwa abusa amene, utenge mayi ako kapena mayi wina wachikulire yemwe umamukhulupirira, ukafunse maso ndi maso: kuti ndibwezedwe ndichite chani, zitenga nthawi yaitali bwanji, nanga ubatizo wa mwanayu ukhala bwanji? Atsikana ambiri amangokhala kunyumba kudikira kuti aitanidwa, akuluampingo nawo akudikira kuti mwini wake abwera yekha, zaka nkumapita choncho.

Ukakhala pamenepo nkhani ya kiyibodi uinenenso, modekha koma osabisa. Akakana kuti mwana si wake, za chisamaliro cha mwana si za bwalo la mpingo lokha, kukhothi la ana ndi ku ofesi yoona za chisamaliro cha anthu amathandiza nkhani zoterezi. Phala la mwana lisadikire kuti bambo ake alape.

Zosamuka mpingo sindikuletsa, Mulungu sali ku Ndirande kokha. Chomwe chikundidetsa nkhawa ndi mawu akuti "komwe sandidziwa". Ukakhala bwino miyezi itatu, kenako wina adzafunsa kuti abambo a mwana ali kuti, uyambe kupeka nkhani, ndipo udzakhala mlendo pakati pa anthu okukonda chifukwa amene akumukondayo si iwe weniweni. Ngati upite, pita utayesa kaye kwanu, ndipo kumeneko ukawauze abusa zonse tsiku loyamba lomwe.

Kwa inu amayi a m'mipingo amene mukuwerenga, pa Agalatiya 6:1 akuti wogwa mumubweze ndi mzimu wofatsa, mukudziyang'anira nokha. Lamulungu likubwerali mmodzi mwa inu akakhale pafupi ndi mtsikana wotere, mumulandire mwanayo kuti naye atsegule buku la nyimbo.

Iwe mwanawe undilemberenso ukakumana nawo abusa, ndikufuna ndimve zomwe akakuyankhe.

Anti